Mpira wa Madala Mbewe Unapita Kumanzere

Chaka chatha tsopano chimwalirireni Madala Mbewe, ndipo pagulu lathu la pafoni anthu ayamba kale kuponya zithunzi ndi timitima tofiira. Chithunzi choyamba waponya ndi Misozi, monga mwa masiku onse. Iye waima mbali ino, Madala mbali inayo, pakati pawo mpira wakuda uja wa boling'i. Pansi pake walemba kuti atate anga a ku Dubai. Atate ake! Ndinachiyang'ana chithunzicho mpaka foni inazima yokha. Anthu akuti Yamikani ulembepo kanthu, poti ndiwe unawadziwa nthawi yaitali kuposa tonse. Chabwino, ndilemba. Koma ndineneretu kuti ndikulemba ndi nsanje, chifukwa mpira uli pachithunzipo unayenera kukhala wanga.

Kwa inu amene simunawaone, Madala anali munthu wamfupi wa ku Ntcheu, wa chifuwa chachikulu ndi ndevu zapamlomo zotuwa. Ankavala tayi mkati mwa epuloni ngakhale kunja kukutentha moti nsapato zikumata pa tala. Anabwera kuno ku Dubai kalekale ngati makaniko wa ndege. Ntchito yawo inali ya matayala, kuonetsetsa kuti tayala silikulemera mbali imodzi, ndipo ankauza aliyense zimenezi, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Ukalamba utawapeza, anzawo anabwerera kumudzi kukalima kachewere. Iwo anakatenga kangodya m'malo ochitira boling'i mu molo ina, chinyumba chachikulu cha masitolo, ku Mirdif, n'kuikamo benchi, sikelo ndi makina oboolera.

Masewerawa kwathu sadziwika kwenikweni, ndiye ndifotokoze pang'ono. Umatenga mpira wolemera ngati khanda lonenepa, kulowetsa zala ziwiri zapakati ndi chala chachikulu m'mabowo atatu, n'kuugubuduza pa leni yosalala yopakidwa mafuta kuti ukagwetse mapini oima kumapeto ngati mabotolo. M'mbali mwa leni muli ngalande, ndipo mpira ukagweramo ndiye kuti waphonya basi. Mpira wakowako umaugula wopanda mabowo. Pamafunika munthu woyeza dzanja lako n'kuboola molingana ndi zala zako, ndipo kwa ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia munthu ameneyo anali Madala.

Moni wawo unali wotopetsa. Ukawapatsa dzanja sankalibweza msanga. Ankalitembenuza, kutambasula zala, kupinda chala chachikulu uku ndi uku, iwe uli chiimire ngati mbuzi ya pamsika. Maina a anthu ankaiwala, koma manja ayi. Ankangoti uja wa chala chotupa, uja wa thukuta m'manja, mayi uja wa zikhadabo. Ine tsiku loyamba anagwira dzanja langa nthawi yaitali, kuliyang'ana, kuyang'ana lawo, n'kungoti, "Hm." Kenaka tinayambana.

Ndinali nditanyamula mpira wakale umene ndinatenga kwa mnzanga wa kuofesi wa ku Philippines, amene ankabwerera kwawo. Zala zake zinali zazifupi, zanga sizinkakwana.

"Madala, munditsekere mabowowa, mundiboolere anga," ndinatero.

"Onse atatu?"

"Onse atatu."

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Ndiye ku Dedza kwanuko, kumene amaumba miphika, mumagula mphika wobooka n'kumati ndi watsopano poti mwaumata phula?"

Ndinawauza kuti sindinabwerere mwambi, ndabwerera mabowo. Anandilanda mpirawo n'kuuika pa sikelo yawo, ija ya mkono wautali ngati yogulira fodya, ndipo phunziro linayamba popanda wolipempha. Anati mkati mwa mpira muli mtima, chibulumwa cholemera chimene si chozungulira. Chimenecho ndiye chimakhotetsa mpira ukafika pamene mafuta athera. Kadontho kali pakhungu la mpira kamasonyeza kumene mutu wa mtimawo waloza, ndipo woboola amayeza kuchokera pamenepo kuti mtima ugone bwino m'dzanja la mwiniwake. Anati bowo lililonse limakumba mpaka kukafika kumtima n'kuchotsa mnofu wolemera. Mankhwala otsekera, aja amadzimadzi ngati uchi amene amauma n'kulimba gwa, amati pulagi, ndi opepuka kuposa mnofu unachokawo. Ndiye ukatseka mabowo atatu, mbali imeneyo imapepuka. Ukaboola ena atatu kwina, wachotsanso mnofu wina, ndipo mtima uja wapendekeka mosiyana ndi kale. Anautembenuza mpira wanga pasikelopo kuti ndione mkono ukugwa, n'kundifunsa ngati ndingakwere ndege ya tayala lotero.

Ndinene chilungamo, oboola ena m'tauni muno amati kusiyanako n'kochepa kwambiri, woponya wamba ngati ine sangakumve n'komwe. Amatseka ndi kuboola tsiku lonse ndipo anthu amagwetsa nayo mapini bwinobwino. Madala ankawatcha akalipentala. Iwo ankalola kutseka bowo limodzi lokha, la chala chachikulu, chifukwa chala chimenecho sichikhazikika. Chimatupa m'nyengo yotentha, ndipo makasitomala awo achisilamu ankabwera mwezi wa Ramadani ukatha chitaonda, mpira ukuwapulumuka. Bowo limodzi ankati n'kumata dzino. Awiri ankang'ung'udza. Koma atatu ankati n'kupha mpira, ndipo iwo si wakupha. Ndinatuluka nditapsa mtima, ndikulumbira kuti sindidzapondanso. Loweruka lotsatira ndinabwera ndi mpira watsopano, wopanda bowo, ndipo anandiboolera osanena kanthu za dzana.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wawo. Ndimakhala ku Discovery Gardens, ndipo amene mukuidziwa Dubai mukudziwa kuti kuchoka kumeneko kukafika ku Mirdif n'kudula mzinda wonse. Loweruka lililonse ndinkadula. Ndinkawanyamulira chikwama, kuwagwirira mpira akamalemba mizere ndi pensulo yawo yachikasu, kusesa fumbi la pansi pa makina, madzulo n'kukawatula kukachipinda kawo cha ku Muhaisnah, kumene mabasi a makampani amakhuthulira anthu otopa. Zikomo sindinamumvepo. Poti ndine akauntanti ankanditcha Wamasamu, ndipo ndikagwetsa mapini onse ankati mwayi umagwera ngakhale opusa. Mtedza wokazinga umene mlongo wawo ankawatumizira unkakhala m'chitini pansi pa benchi. Ankatafuna ndikuona, osandipatsako ngakhale kamodzi. Ine ndinkati ndi mmene alili, munthu wouma mtima kwa aliyense, ndipo sizinkandipweteka.

Ankayambana ndi onse, koma makamaka ndi bwana wa malowo, mwamuna wa tsitsi lonona amene ankatcha aliyense habibi, ndiye kuti wokondedwa m'Chiarabu. Mkangano wawo unali wa mafuta a pa leni, kuti athira ochuluka, kuti athira ochepa, ndiponso wa maphwando a ana amene ankazimitsa magetsi n'kuyatsa ophethira. Madala ankati munthu sangaone mpira ukukhota mumdima wa disiko. Akakwiya ankavula epuloni, kulongedza mapensulo, n'kufuula kuti khalas, zatha basi, ndikupita kwathu ku Ntcheu, mudzaboole ndi mano. Ankafika mpaka pa masitepe oyenda okha, kutsika, kugula tiyi wa karaki, n'kubwerera kudzavalanso epuloni ngati sipanachitike kanthu. Tsiku limene tinkaperekeza bokosi lawo kubwalo la ndege, bwana yemweyo ndiye analira kuposa tonse, mamina mbwee, mpaka Amalawi tinachita manyazi.

Koma ndibwerere kumpira. Madala anali ndi mpira wawo, wakuda bii wa timizere tofiira, umene anauboola okha pamene ankaphunzira ntchitoyi. Ankautcha Ntchembere. Palibe ankaloledwa kuukhudza. Akauponya unkatsetsereka m'mphepete mwenimweni mwa ngalande ya kumanja, moti mlendo ankagwira pakamwa kuti wagwa. Ukatsala pang'ono kufika unkakhota mwadzidzidzi n'kulowa pakati pa mapini, phwa! Onse pansi. Madala sankayang'ana n'komwe. Ankatembenuka mpira usanafike, akukonza tayi.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ndipo sindikudziwa chinawalowa n'chiyani. Anatsitsa Ntchembere pashelefu n'kundiuza kuti lowetsa zala. Abale inu, zala zinalowa ngati kwawo. Chala chachikulu chinakhala thi, osathina, osakhwepa. Kutalikirana kwa mabowo kunali kwa dzanja langa ndendende. Apo ndiye ndinamvetsa "Hm" wa tsiku loyamba uja.

"Wamasamu, dzanja ili unaba kwa ine," anatero.

"Ndiponyeko kamodzi, Madala."

"Bweretsa kuno. Sunakule."

Sanalonjeze kanthu, zimenezo ndikuvomera. Koma inuyo mukanaganiza chiyani? Munthu wopanda mwana kuno, ana ake ali kutali ndipo sadziwa n'komwe kuti boling'i n'chiyani, ndipo pali iwe wa dzanja lofanana ndi lake. Nyamakazi itawagwira pamfundo ya dzanja lamanja n'kusiya kuponya, Ntchembere anakhala pashelefu, ndipo ine ndinkamupukuta fumbi Loweruka lililonse ngati mkazi wotomera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambiwu ndinkaudziwa bwino, koma ndinkati akunena anthu ena.

Mphepoyo inabwera kuchokera ku Lusaka. Misozi ndi namwino, ndipo anafika ndi anzake a kuchipatala kuphwando la tsiku lobadwa la mmodzi wa iwo. Ankaponya mipira ya aliyense ija, yokalamba, ya mabowo aakulu ngati makapu. Ankaponya ndi dzanja lamanzere, mpira n'kugwera m'ngalande, iye n'kuseka mpaka molo yonse kumva. Nthawi zonse Madala sankachoka pabenchi kukaona anthu a maphwando. Koma tsiku limenelo anaika pensulo pansi, kuyenda mpaka pa leni, n'kumugwira dzanja lamanzere lija popanda moni.

"Ah ah, ba mudala, ni chani?" anatero Misozi, akufuna kulibweza.

"Anakulola ndani kuponya ndi dzanja ili?"

"Palibe ananilesa."

"Palibe anakuletsa," anabwereza Madala. Anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione mano awo akumbuyo.

Loweruka lotsatira Misozi anabwera yekha. Linalo anabweranso. Pasanathe miyezi ingapo anali akukhala pampando wa Madala, umene ine ndinali ndisanaukhalepo, miyendo ili lendelende, akutafuna mtedza wa m'chitini chija. Mtedza! Ankawatcha atate, iwo n'kumayankha. Ankawabweretsera karaki n'kuwapatsira ndi dzanja lamanzere, chinthu choti kwathu mwana amalandira nacho khofi. Ndinalephera kupirira.

"Madala, mukulandira tiyi wa kumanzere?"

"Tiyi ndi yemweyo, Wamasamu."

Sindinamude Misozi chifukwa choti ndi woipa. Akanakhala woipa zikanandipepukira. Ndi munthu wansangala, ndipo ankandipatsa moni wa ba Yamikani muli bwanji ndi mtima wonse. Chimene chinkandiwawa n'choti zimene ine ndinazigwirira ntchito zaka zonsezo osazipeza, iye ankangopatsidwa atakhala pansi. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma palibe amafunsa kuti kalumoko kakumeta ndani.

Ndiye linafika Loweruka limene sindidzaliiwala. Ndinalowa masana, ndisanafike pangodya n'kumva kale fungo la mankhwala otsekera. Ntchembere anali pabenchi, mabowo ataloza kumwamba. Kuzungulira bowo lililonse Madala anali ataumba kampanda ka dongo, ndipo mkati munali mutadzaza mankhwala mpaka pakamwa, akadali amadzi, akunyezimira. Ndinaima pomwepo, chikwama chili m'manja.

"Madala, mwatani?"

"Maso ulibe?"

"Onse atatu?"

"Wamanzere sangalowetse zala m'mabowo a wakumanja. Zimenezo ngakhale wa masamu akuzidziwa."

"Si inu munandiuza kuti kutseka atatu n'kupha mpira?"

"Ndine."

"Ndiye?"

"Ndiye ndaupha. Ngwanga."

Mawu anandikwera osafuna. Ndinawauza kuti mpira umenewu ukukwana dzanja langa popanda kusintha kanthu, kuti akanangondipatsa ukanakhala wamoyo, kuti ndawanyamulira chikwama mpaka phewa kupendekeka. Anthu a pa leni yapafupi anasiya kuponya. Madala anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono.

"N'chifukwa chake sindinakupatse," anatero. "Iwe ukanauponya monga ndinkauponyera ine. Zimenezo ndinaziona kale."

Mukanakhala inu mukanachoka. Ine sindinachoke, ndipo Loweruka lotsatira ndinaliponso, chifukwa dzanja lawo lamanja silikanatha kumanga mpira m'makina ndipo panalibe wina wodziwa kumanga kwake. Tangoganizani, kundiitana kuti ndidzathandize kukwatitsa mkazi wanga yemwe. Anadula zotsalira za mapulagi, kukwecha ndi sandipepa mpaka posalala. Madala ankadziwa kusakaniza utoto moti pulagi yawo sunkaiona ngakhale utayatsa tochi. Koma awa anawasiya otuwa mbuu, madontho atatu pampira wakuda.

Kenaka anayamba kuutembenuza. Anautembenuza masana onse, kulemba mzere, kufufuta, kuika pasikelo, kuchotsa, kutukwana chamumtima. Ankafuna zinthu zingapo nthawi imodzi. Mabowo atsopano asayandikane ndi mapulagi, kuopa kuti mpira ungang'ambike pakati pawo. Mtima ugone moti ukhotere kumanja, pakuti mpira wa wamanzere umachokera kumanzere. Ndiponso mkombero umene mpira umapondera pansi usadutse pa mapulagi, chifukwa ukatero umagunda ngati tayala la chigamba. Zonse pamodzi sizinkatheka. Akakonza ichi, icho chinkathawa. Pomaliza anasankha, ndipo sikelo inasonyezabe kuti mbali ya mapulagi yapepuka, ngakhale sinapyole malamulo a masewerawa. Munthu yemwe uja anandifunsa ngati ndingakwere ndege ya tayala lopendekeka anayang'ana mkono wa sikelo uli chogwa, n'kungoti, "Yalla, tiye, manga." Ndinamanga. Anakoka chogwirira cha makina ndi dzanja lamanzere, ndipo ine ndinkayesa kuti n'chifukwa cha nyamakazi.

Misozi anabwera atatuluka kuntchito, akadali mu yunifolomu. Analowetsa zala n'kukuwa ndi chimwemwe. Anaponya. Ntchembere anakhota msanga, kudutsa kutsogolo kwa mapini onse, n'kukagwetsa awiri a pakona. Anaponyanso, ndipo ulendo uno mpira unathera m'ngalande ya kumanja. Mtima wanga unavina, ndikukuuzani. Ndinachita kuluma mlomo kuti chisangalalo chisatuluke. Ndinayang'ana Madala kuti ndione nkhope ya munthu amene wapha chinthu chake pachabe.

Iwo sankayang'ana mapini. Anadikira mpira kubwerera, kuutola ndi manja awiri, n'kuyang'ana mkombero wa mafuta umene unatsala pakhungu lake. Unadutsa pafupi ndi mapulagi koma osawakhudza. Anagwedeza mutu, n'kuuza Misozi kuti asunthe mapazi pang'ono, aponyere kunja. Anamuuzanso kuti asawafunse kuti mpirawu umayenda bwanji, chifukwa Ntchembere amene iwo ankamudziwa kulibenso, uyu amuphunzira limodzi.

Anamuphunziradi, milungu ndi milungu, ine ndikuonerera pa leni yoyandikana ndi mpira wanga umene palibe ankaufunsa. Kukhota kwadzidzidzi kuja sikunabwererenso. Pamenepo Madala sananame, mpira wa mapulagi atatu suyenda monga unkayendera. Tsopano unkayamba kukhota msanga, mofatsa, kujambula uta wautali kuchokera kumanzere. Masana ena Misozi anaponya, uta uja unakathera pakati penipeni, ndipo mapini onse anagwa. Madala, munthu amene sankayang'ana ngakhale mpira wake womwe, anauyang'ana kuyambira pamene unachoka m'dzanja mpaka kumapeto. Anamenya benchi mpaka mapensulo kudumpha, n'kufuula kuti, "Ndi umenewo!" Ine ndagwetsapo mapini onse kambirimbiri pamaso pawo, ndipo sanamenyepo benchi.

Anamwalira ndi mtima, m'chipatala chimene Misozi amagwira ntchito. Iye analipo, atawagwira dzanja. Ine ndinamva pafoni ndili muofesi, pakati pa msonkhano. Ngakhale imfa yawo anaipereka kwa iyeyo.

Pochokera kubwalo la ndege, bokosi litapita, ndinamutenga Misozi pagalimoto yanga. Tinayenda mtunda wautali. Kenaka anati, "Ba Yamikani, muziba kuti atate anabadwa wamanzere?"

"Ndani wakuuza zimenezo?"

"Beve. Ananiuza ati pamene anali mwana, azakhali awo anali kuwamanga kwanja ya manzere kumbuyo na luzi pa nthawi yakudya. Ku sukulu ticha anali kuwamenya na rula pa zala mpaka anaphunzira kulemba na kumanja. Ati na boling'i anayambira kumanja, chifukwa anali kuchita manyazi. Sanakuuzeni?"

Sanandiuze. Zaka zonse zija m'galimoto yomweyi, kuchoka ku Mirdif kupita ku Muhaisnah, ankandiuza za matayala a ndege. Ndinayamba kukumbukira mmene ankasendera lalanje, mmene ankatsegulira chitini cha mtedza, mmene anakokera chogwirira cha makina tsiku lija. Zonsezo ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinali wotanganidwa ndi kuyeza dzanja lawo lamanja ndi langa. Mungaganize kuti nditamva nkhaniyi nsanje inatha. Inakula. Poyamba ndinkati wandilanda mpira, tsopano ndinadziwa kuti anali ndi Madala ena amene ine sindinakumane nawo.

Patapita milungu ingapo Misozi anandipeza ndikumanga zingwe za nsapato zoponyera. Anaika chikwama chake pamapazi anga n'kutsegula. M'katimo munali Ntchembere.

"Tengani chabe, ba Yamikani. Niziba kuti munali kuifuna bola iyi. Mukatsekese mabowo yanga, muboolese yanu."

Ndinautulutsa. Zala zanga zamanja zinakana kulowa m'mabowo ake, anapendekera kwina. Ndinautembenuza mpaka ndinapeza madontho atatu otuwa aja, n'kuika zala pamwamba pake. Chilichonse chinagwera pa dontho lake, ndendende, koma panalibe polowa. Panali posalala ngati galasi.

Ndinadziwa zimene zikanachitika, pakuti anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Kutsekanso atatu, kuboolanso atatu, mpira wa mapulagi asanu ndi imodzi, mtima wodyeka mbali zonse, wosadziwa kolowera. Akalipentala aja akanandichitira tsiku limodzi. Ndikanatuluka ndi chinthu chakuda cha timizere tofiira, ndipo kuti ndichipeze ndikanathira mankhwala m'mabowo omaliza amene Madala anaboola pamoyo wawo, amene ndinawamangira ndekha m'makina.

"Bweza m'chikwama," ndinatero.

"Nikupasani na mtima umodzi."

"Ndamva. Bweza."

Musandiyamikire, sichinali chifundo. Ndinkaufuna tsiku limenelo monga ndikuufunira lero. Kungoti umene ndinkaufuna unalibenso, ndipo umene ulipo ngwa Misozi.

Ndimadulabe mzinda Loweruka lililonse. Kangodya kaja anakachotsa. Ofuna kubooletsa amapita kwina, ndipo bwana wa tsitsi lonona anaikapo mipando iwiri ikuluikulu yotikita msana, imene nthawi zambiri imakhala yopanda munthu. Shelefu anaizula, khoma analipaka utoto wobiriwira. Pansi, pakati pa mipando iwiriyo, pali tizigamba tinayi ta simenti pamene panali mabawuti a makina oboolera, ndipo amene anamata sanavutike kufananitsa mtundu ndi matailosi. Ndikamaliza kuponya ndimakakhala pampando wa kukhoma, osauyatsa, nsana nditalozetsa ku maleni. Mipira yonse imalira mofanana kwa anthu ena, koma ine ndimaudziwa umodzi. Ndimaumva ukuchoka m'dzanja la Misozi, ukuyenda ulendo wake wautali wa kumanzere, ndipo sindicheuka.